Ndinkanenepera Anthu Mwendo Wanga Ukuwola

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga kulikonse kumene uthengawu wakupezani. Ine ndine mayi a Tadala, ndimakhala pakomboni pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, kufupi ndi Muloza. Lero mtima wanga ukudumphadumpha, ndipo ndikapanda kulankhula ndiphulika! Ndikufuna ndikuuzeni za thupi langa, mmene kunenepa ndi matenda a shuga zinatsala pang'ono kundidulitsa mwendo, ndi mmene Mulungu ananditumizira chithandizo kudzera mwa munthu amene ineyo ndinkamunyoza.

Ndinakwatiwa ndili kamtsikana kowonda ngati nsungwi. Amuna anga, bambo a Tadala, atakwezedwa kukhala kapitawo wa othyola tiyi, zinthu pakhomo zinasintha, nanenso ndinayamba kufufuma. Tiyi wanga ankalowa masipuni anayi a shuga, mandasi osawerenga, ndipo poweruka bambo ankabwera ndi kanyenya wa nkhumba m'kajumbo. Inu mukudziwa mmene timakhalira kuno: mkazi akanenepa, woyamikiridwa ndi mwamuna. Ndikamadutsa, amayi ankati, "Ee, akapitawo akusamalatu!" ndipo bambo ankayenda chifuwa chili patsogolo. Amene sankakondwa ndi akabaza a ku Muloza okha. Ankati akandiona ndikubwera poteropo, aliyense ankawerama n'kuyamba kupopa tayala lomwe linali lokhuta kale. Ine ndinkangoseka, ndinkati ndi nsanje.

Kenako ludzu linayamba, ludzu losatha ngakhale nditamwa ndowa. Mawondo ankalira, mutu ukuzungulira, ndipo kukwera kachitunda ka kutchalitchi ndinkapuma katatu. Kukiliniki ya pa esiteti anandiyeza n'kundipeza ndi shuga komanso BP. Anamwino anandipatsa mankhwala, n'kundiuza mosapita m'mbali kuti thupi ili lichepe. Ndinamvera ndithu. Ndinasiya shuga, mafuta ndinachepetsa, nsima ndinkadya mtanda umodzi, ndipo patapita miyezi chitenje chinayamba kuzungulira n'kutsalako. Ndinkadzimva wopepuka, tulo tinkabwera bwino.

Koma pakamwa pa anthu, abale anga! Ndikafika pampopi nkhani inkaduka. Wina ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena ndi mawu achisoni, "Mwatsikatu mayi, kwagwanji?" Ankaonanso kuti mwezi uliwonse ndikupita kukiliniki n'kubwerako ndi kapepala ka mapilitsi, ndiye anamaliza okha kuti ndili ndi kachilombo ndipo ndayamba ma ARV. Tsiku lina bambo anabwera nkhope itagwa, anaika kanyenya patebulo n'kukhala moyang'anizana nane.

"Mayi a Tadala, idyani. Kuntchito akuti ndakupatsirani matenda, ena akuti ndikukumanani chakudya. Kapitawo wanji wosekedwa ndi anthu ake omwe?"

Ndinadya. Ndinadya misozi ikugwera m'mbale, ndipo mawa lake ndinadyanso. Kukiliniki ndinasiya kupita kuti anthu asandione, mapilitsi atatha sindinakatengenso ena. Thupi linabwerera ndi chiwongoladzanja chake, ndipo pampopi anandiombera m'manja kuti ndachira. Patapita chaka ndinayesanso kuchepetsa mwakabisira, manong'onong'o n'kuyambiranso, ine n'kubwereranso ku mandasi. Ndikuuzeni zoona, nthawi imeneyo sindinkadziona ngati munthu. Ndinali chikwangwani cholengeza kuti amuna anga ali bwino, basi.

Tsiku lina ndikupalira nandolo kuseri kwa nyumba, chitsa chinandibaya pachala chachikulu cha phazi lamanzere. Sindinamve n'kupweteka komwe, ndinangoona magazi. Kabala kake kanali kochepa, koma sabata zitatu zinatha kasakupola. Phazi linatupa, linada, linayamba fungo, mpaka anandigoneka m'chipatala ku Boma. Bedi loyandikana nane panali mayi wina amene shuga yemweyu anali atamudulitsa mwendo pansi pa bondo. Ankati akaiwala n'kufuna kutsika pabedi, ankagwira m'malere. Adokotala anandiuza kuti ayesetsa kutsuka balalo, koma ngati shuga wanga satsika ndipo ndipitiriza moyo womwewu, nane adzandidula.

Amayi anzanga a kutchalitchi anabwera kudzandizonda, Mulungu awadalitse. Koma mukudziwa zimene timanyamula pokaona wodwala: zoziziritsa kukhosi ndi mabanzi. Anandiunjikira mabotolo pakabati, n'kumandikakamiza kuti, "Imwani mupeze mphamvu, mwafookatu." Atachoka ndinafunda chitenje kumutu n'kulira ngati mwana. Ndinati, Ambuye, ndikaonda anthu akundipha ndi pakamwa, ndikanenepa shuga akundidya phazi, nanga ine ndilowere kuti? Ngati muli ndi munthu, mutumizeni, chifukwa pandekha ndalephera kawiri.

Mawa lake m'mawa, amene analowa m'wodimo ndi aFelista.

AFelista ndi mayi wothyola tiyi m'gulu la amuna anga, wamasiye, amene anaulula yekha pamaso pa mpingo kuti ali ndi kachilombo. Ndilape pano pamaso panu: ine ndi amene ndinkawapatulira kapu yawoyawo tikamamwa thobwa kumsonkhano wa amayi, ndipo pamaliro ena ndinawachotsa kophikira n'kuwauza kuti azikatunga madzi. Nditawaona ndinafuna nthaka ing'ambike. Iwo anali atabwera kudzatenga mankhwala awo, n'kumva kuti ndagonekedwa. Anatula mapeyala awiri ndi kambale ka nkhwani, anasonkhanitsa mabotolo onse aja n'kukagawira odikirira odwala panja, kenako anakhala pabedi panga.

"Mayi, ndamva akuti muli ngati ine," anatero akuseka. "Nde bwanji osayendera limodzi? Ine anthuwa anandiika m'manda kalekale, koma ena mwa amene ankandilirawo ndawaphikira pamaliro awo. Mwendowu akadula, ndani wa pampopi adzakubwerekeni wake?"

Aleluya! Mawu amenewo anandilowa kuposa jekeseni. Ndinawagwira dzanja n'kupepesa za kapu ija, iwo n'kungoti, "Zinapita zimenezo, idyani nkhwani zisanazizire."

Mulungu ndi wabwino, shuga anatsika, bala linayamba kufiira bwino, ndipo ananditulutsa ndi zala zanga zonse. Kuyambira pamenepo aFelista anandimatirira ngati chisoso. Tsiku langa lakukiliniki ankabwera kudzanditenga, ndipo sankalola kuti tidzere njira yakuseri, ankafuna tidutse pampopi penipeni, dzuwa likuswa mtengo, makadi athu ali m'manja. Ulendo woyamba ndinadutsa nditaweramitsa mutu. Wachitatu ndinapereka moni ndine. Bala litapola ndinagula nsapato zotseka monga anandiuzira anamwino, ndipo aFelista akaweruka tinkayenda m'misewu ya m'minda ya tiyi. Poyamba ndinkangofika pamlatho n'kukhala pansi ndikuwefuka, iwo ali chiimire kundiseka kuti ndikupuma ngati thirakitala ya pa esiteti.

Nkhani ya amuna anga anaikonzanso ndi aFelista omwewo. Anandiuza kuti ndisamakangane nawo pakhomo, koma ndiwatenge akamve okha kwa anamwino, ndiponso tikayezetse magazi tonse awiri m'malo momangoopa mphekesera. Bambo anapita monyinyirika. Anamwino anawaonetsa chipsera cha paphazi langa n'kuwafunsa ngati angakonde kukhala ndi mkazi wonenepa wa mwendo umodzi. Munthu wamkulu, kapitawo, anagwetsa misozi pamenepo. Pobwerera anandiuza kuti, "Mayi a Tadala, ndinatsala pang'ono kukuphani ndi manja anga." Lero poweruka amabwera ndi usipa ndi masamba, ndipo Lamlungu amayenda nafe, ngakhale amanamizira kuti akuyendera minda.

Mukufuna kudziwa kuti magazi aja anatuluka bwanji, eti? Sindikuuzani! Amayi wapampando wathu kutchalitchi anandikokera pambali n'kundilangiza kuti ngati pepala lili bwino, ndiliwerengetse pamsonkhano kuti anthu atseke pakamwa. Ndinaganiza usana wonse. Ndinaona kuti kuchita zimenezo ndi kuimirira pagulu n'kunena kuti ine si ngati aFelista, munthu amene wandipulumutsira mwendo. Ndinawayankha kuti pepalalo ndi langa ndi amuna anga, ndipo amene akufuna kundiyesa wodwala apitirize, ine ndizidya nkhwani zanga. Tsiku limenelo ndi limene ndinazindikira kuti ndachira mumtima. Mulungu anandiumba ndine munthu wamtengo wapatali ndisananenepe, ndipo mtengo wangawo sanaupereke kwa amayi a pampopi kuti aziuyeza.

Musaganize kuti njira inali yosalala. Khirisimasi ina kunabwera alendo a ku Milange ndi mpunga, nkhuku yokazinga ndi zotsekemera, ine n'kudya ngati mawa kulibe, sabata yonse. Shuga anakwera, manyazi anandigwira, ndinadzitsekera m'nyumba masiku atatu ndikudzitukwana kuti ndine wolephera. Kale zikanathera pomwepo. Koma aFelista anagogoda pawindo n'kufuula kuti, "Munthu akagwa m'matope sagona pomwepo, valani nsapato!" Sanandifunse zimene ndinadya. Tinayenda, ndipo mawa lake ndinayambiranso.

Pano zatha zaka zinayi thupi lisanabwerere. Mankhwala ndikumwabe, kukiliniki sindijomba, ndipo sikuti ndasanduka kamtsikana ayi, ndine mayi wathupi ndithu, koma thupi loti ndikulinyamula ndine. Kachitunda ka kutchalitchi ndimakakwera ndikuimba. Gulu lathu loyenda lakula, tilipo amayi asanu ndi awiri, ena a shuga, ena a BP, ena a ma ARV, ndipo sitifunsana kuti iwe uli ndi chiyani. Mmodzi mwa iwo ndi mayi uja ankandifunsa kuti kwagwanji, anabwera yekha mutu uli pansi atamupeza ndi shuga, ife n'kumulandira ndi nthungululu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kulira kwanga pansi pa chitenje. Ndikuthokoza anamwino ndi adokotala amene sanatope nane, ndi bambo a Tadala amene anavomera kusekedwa kuti ine ndikhale ndi moyo. AFelista, mchemwali wanga, mawu ondikwanira kukuthokozani ndilibe, Ambuye akuonjezereni masiku.

Iwe mlongo wanga, iwe mchimwene wanga, amene wauzidwa kuti uchepetse thupi koma ukuopa kuti anthu anena chiyani, ndimvere ine amene ndinaona mpeni uli pafupi. Anthu adzanena ukaonda, adzanenanso ukanenepa, ndipo tsiku lokudula mwendo adzabwera ndi mabanzi n'kubwerera kwawo ndi miyendo yawo iwiri. Usalimbane wekha, pemphera, ndipo Mulungu akakutumizira munthu usayang'ane kuti ndi ndani. Ukagwa dzuka, ukagwanso dzukanso, chifukwa ndiwe wofunika pamaso pa amene anakulenga. Ine ndalemba umboniwu nditakhala pakhonde, mapazi onse awiri ataponda pansi, ndipo ndawerenga zala zanga, zilipo khumi. Ambuye alemekezeke! Amen.