Mkulu wa mpingo amene tinamusiya yekha

Omvera anzanga, ndine mayi wachikulire wa ku Kafue. Mpingo wathu unayamba ufulu utangobwera, m'nyumba ya bambo wina wogwira ntchito ku njanji. Tinali mabanja ochepa ochokera kum'mawa. Mafakitale atatsegulidwa, amuna anga analembedwa ntchito pa fakitale ina.

Tsiku lina makina anawadula dzanja. Bala lisanapole, kalata inabwera yoti tituluke m'nyumba ya kampani, ife ndi ana anayi.

Abambo ena amene anali mkulu wa mpingo, omwenso ankagwira ntchito pafakitale yomweyo, anandipeza ndikumanga katundu. "Amake mwana, masulani katundu. Tizayenda tikakambe nabo mabwana," anatero.

Lolemba mpingo wonse unakaima pageti la fakitale, tikuimba mpaka mabwana anatuluka. Nyumba anatisiyira. Koma mwezi usanathe, akuluwo anachotsedwa ntchito. Palibe anabwereranso pageti paja. Inenso ndinakhala chete, kuopa kuthamangitsidwa.

Akuluwo anasamukira ku Chanyanya, n'kumagulitsa nsomba panjinga mpaka anamwalira. Lero mpingo wathu ndi waukulu, umadziwika poimira ogwira ntchito oponderezedwa. Koma kumaliro a munthu amene anayambitsa zimenezi tinapitako anthu asanu, ndipo ine ndinalephera kuyang'ana akazi awo kumaso.