Botolo Lokwera Basi ndi Khadi

Unali mmawa wozizira wa mwezi wa Juni, 1979, pa siteji ya basi ku Bangwe. Mayi wina wa mpango woyera anali atafumbata kabotolo pachifuwa, ndipo mayi wa dengu la tomato amene anaima kumbuyo kwake analephera kuugwira mtima.

"Mayi, botolo mwalifungatira ngati khanda. Muli chiyani?"

"Ndi la bambo akunyumba. Miyendo yatupa, nkhope ngati dzungu. Adokotala akuti mwina ndi impso, koma sapereka mankhwala asanayeze mkodzo wa mmawa."

"Ndiye mukukapereka?"

"Kachitatu kano. Lolemba anyamata a malaya ofiira aja ananditsekera pakhomo pa basi, ati khadi la chipani. Ndinalibe. Ndinayenda pansi mpaka kuchipatala, kukafika masana, ati mkodzo wakhalitsa, mubwere ndi wina."

"Nanga dzulo?"

"Dzulo khadi ndinali nalo. Mmodzi ananunkhiza botolo, ati kachasu. Nditamufotokozera, akuti, 'Nanga mwini mkodzoyu khadi lake lili kuti?' Basi n'kukhuthulira m'ngalande."

"Ana opanda mwambo! Mkodzo nawonso uzikwera basi ndi khadi? Kale munthu wonyamula za wodwala tinkamupatukira njira, inu."

"Lero makhadi ndili nawo awiri, awa."

"Ndiye zatheka. Koma bwanji botolo likuoneka lopanda kanthu?"

"Kuyambira dzulo masana bambowo sanatayeko madzi, ngakhale dontho. Ndikukawaonetsa adokotala lomweli, aliyeze."