Mafuta Anga Akuda Ali Mumsewu

Moni abale mwa Ambuye. Inunso amene munandinamizira, moni, chifukwa ndikudziwa kuti muwerenga.

Ine ndakazinga tchipisi pamsika wa Thambani kuyambira ndevu zili zakuda bii. Mafuta akapsa sindinkawakhuthulira pansi ngati anzanga, ndinkasefa ndi nsalu n'kusunga m'zigubu kuseri kwa nyumba, poti ine kutaya chinthu sindidziwa. Zigubu zimenezo n'zimene zinandigwetsa. Mwini chiwaya choyandikana ndi changa, munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kusenda mbatata, anafalitsa kuti mafutawo ndi a mu thiransifoma ya magetsi, ati ndikudyetsa ana a anthu poizoni. Akomiti ya msika anandichotsa osanunkhiza n'komwe chigubu chimodzi. Kutchalitchi benchi yonse inkakhala yanga ndekha.

Dzinja linadutsa kawiri ndili pakhomo. Sindikubisa, ndinkapemphera mokalipa. Sindinapemphe chakudya ayi, ndinkati Ambuye, mundibwezere dzina langa.

Tsiku lina kumsika kunabwera mayi wa ntchito ya misewu, akufuna mafuta okazingira akale. Anati amathira pang'ono mu phula losakaniza ndi pulasitiki kuti lisaume gwa n'kumang'aluka, ndipo akufuna kuyesa pa kachigawo ka msewu ku boma. Pamsika ponse panalibe ndi botolo lomwe, onse anataya. Wabodza uja pofuna kuseketsa anthu anati, "Pitani kwa mdala wa thiransifoma."

Mayiyo anabweradi kunyumba kwanga, natenga botolo limodzi kukaliyeza ku Blantyre. Ndinamuuza kuti yankho asabwere nalo kunyumba kwanga, akalinene pamsika, tsiku la msika.

Anachita zomwezo. "Awa ndi mafuta ophikira basi, bambo, mulibe china. Munasefanso bwino."

"Bwerezani mokweza, mayi, pano pali ogontha."

Anabwereza, akomiti ali chilili, maso pansi. Kenako zigubu zonse zinakwera galimoto ya mayiyo anthu akuona.

Chiwaya changa chabwerera pamalo pake. Abusa akuti ndikhululuke, ndikuyesa, koma sindinafike, poti munthuyo pepani sananene. Ndikuyamika Yehova amene anandiyankha ndi mafuta akuda omwewo. Inu amene akukunamizirani, limbikani, musathawe mudzi. Ndipo iwe mnansi wanga, ukamapalasa njinga ku boma pamsewu wosalala uja, udziwe kuti ukuyenda pa mafuta anga.