Mizere Iwiri ya ku Nsipe

Lufina, mayi wogulitsa kachewere pamsewu ku Nsipe, anabwera kuchokera ku Boma atagula timitengo tiwiri toyezera mimba. Ankafuna kugwira Tisunge, mwana wa mchimwene wake, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi amene anali atangolemba mayeso a Folomu 4.

"Iwe, kusanza kwa dzuloku. Ukuyembekezera eti?"

"Eee, azakhali."

Lufina anakhala pansi. "Ngakhale manyazi ulibe. Kuyambira liti?"

"Kuyambira Julayi."

"Mwini wake ndani?"

"Aphunzitsi ndi amene akudziwa. Anati tifatse, zituluka."

"Tifatse? Muli angati?"

"Kalasi yonse. Ndi anyamata omwe."

"Chitsiru. Sindikunena zotsatira za mayeso. Uli ndi pakati?"

Tisunge anadziyang'ana. "Pakati pa chiyani?"

"Mxii. Tenga kachitini aka, ukatayemo madzi kuseri. Ukaviike kamtengoka. Mzere umodzi, ndiwe munthu. Iwiri, unyamule chikwama chako."

Tisunge anapita, nabwera akumwetulira. "Umodzi, azakhali."

Lufina ananunkhiza kachitiniko. "Madzi ati awa?"

"A mumtsuko. Munati nditaye."

"Ndiye wayeza mjigo? Sukulu yonse ija inangokupatsa yunifolomu basi. Mikodzo, Tisunge. Mikodzo."

"Aaa, mukanatero. Koma kusanza kuja ndi usipa wowola munatigulira uja."

"Usipa wanga suwola. Atsikana amakono mumanama ngati wailesi, koma kamtengo aka sikanama."

"Sikalakwitsa ngakhale pang'ono?"

"Ndati sikanama. Ndipatse kuno kotsalako, ndikuonetse mmene amachitira anthu aulemu wawo. Kako ndikagula mawa."

Lufina anazimirira kuseri. Atabwerako, anagoneka kamtengoko pampando ngati khadi lopambana pa juga.

"Dikira pang'ono. Uone mzere wa mayi wodzisunga."

Anadikira. Tisunge anawerama, nayamba kuloza ndi chala.

"Umodzi. Iwiri."

"Maso ako ali ndi ng'ala."

"Wachiwiriwu ndiye wowala kwambiri, azakhali."

Lufina anakatsomphola, nakayang'ana padzuwa, kenako pamthunzi. Anakagwedeza. Anakapukuta ndi chitenje.

"Katha ntchito aka."

"Pabokosi alemba chaka chamawa."

"Ndiye ndi kachinyengo. Andigulitsa zinyalala."

"Munati sikanama."

"Sikanama kwa atsikana. Ine ndi wamkulu."

"Ooo. Kamadziwa zaka?"

"Tseka pakamwa. Ukangouza munthu, udzaona."

"Sindiuza anthu akunja ayi," anatero Tisunge, akutulutsa foni m'thumba. "Ndingowaimbira amuna anu ku Joni. Asangalala bwanji! Zaka zitatu osabwera kumudzi, koma mwana wapezeka."