Nyimbo Imene Amagwedezera Chala

Pa siteji ya basi pafupi ndi msika wa Romford, kudziko la azungu, bambo wina wa imvi ankangoyendayenda, foni ikuimba nyimbo ya magitala. Mayi wa ku Lusaka amene anali pa benchi anawamva akung'ung'udza m'Chichewa.

"Ba tate, nyimbo iyo mwaibweza kanayi. Ni chitundu chanji?"

"Chipwitikizi, mayi, ya ku Brazil. Anandiikira ndi nesi wa kuwodi kumene agonekedwa akazi anga."

"Muimvela?"

"Olo liwu limodzi. Koma ikamaimba, a Louisa amagwedeza chala. Chigwereni sitiroko sanayankhulepo."

"Ikamba chani?"

"Nesiyo akuti ndi mwamuna akuuza mkazi wake kuti zaka zonsezi wamukonda, koma asamuyese wolimba mtima, mantha ali nawo."

"Nkhalani pansi, mwanichititsa chizungulile."

"Sindingakhazikike. Madokotala andiitana thuu koloko. Akakuitanirani m'kachipinda kapadera, mukudziwa kale kuti nkhani si yabwino."

"Ana mwawauza?"

"Ndauza James kuti zonse zili bwino."

"Mwanama."

"Ndinazolowera. Tinathawa kwathu mu 1978 pa lole ya fodya, ine ndikuwauza a Louisa kuti osadandaula, chikhalirecho mtima uli phaphapha. Mpaka lero amaganiza kuti sindiopa kanthu."

"Mukawauze lelo, musanalowe kwa madokotala."

"Akamva?"

"Nasamalila okalamba zaka teni. Amamvela."

"Nanga ndikalira pamaso pawo?"

"Lilani, ba tate. Muganiza pa lole paja sanamvele manja anu akunjenjemela?"