Masamba pamsewu wa mpikisano

Okondedwa omvera, ine ndine mlimi wa fodya wa kufupi ndi Malomo. Zaka zija wailesi ili imodzi yokha m'dziko muno, aphunzitsi a kwathu ananditengera ku Lilongwe kukapikisana pa liwiro la mtunda wautali, poti mapiri a ku Ntchisi anandilimbitsa miyendo.

Okonza mpikisanowo anayesetsa ndithu. Madzi akumwa ankatipatsa m'njira, apolisi anaimitsa magalimoto, ndipo pamphambano paliponse panali munthu wolozera njira. Koma m'mawa wa tsikulo palibe amene anauyendera msewuwo.

Titatsala pang'ono kumaliza, ine ndili patsogolo, ndinaona masamba aawisi ataikidwa mopingasa msewu. Panali maliro. Amayi ankalira m'nyumba, abambo atakhala chete panja. Kwathu sitidutsa pamaliro tikuthamanga, ngakhale wanjinga amatsika. Ndinavula kachipewa n'kuyamba kuyenda.

Wolozera njira wina amene anali pafupi anakuwa kuti, "Achimwene, thamangani, akupitiriranitu!"

Anandipitiriradi ambiri, fumbi lawo likugwera anamfedwa. Pofika pa masamba achiwiri, miyendo inali itazizira, ndipo mphotho sindinaione. Mtima unandiwawa kwambiri.

Popita kokwerera basi ndinadzeranso pomwepo kuti ndipepese maliro. Bambo amene anataya akazi awo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Inu ndi amene munayenda aja. Khalani pafupi ndi ine."

Inu okonza mipikisano, muziyamba mwauyendera msewu m'mawa. Maliro sapangana tsiku, ndipo enafe masamba aja sitingawalumphe.