Chingwe cha Don Eleuterio

Basi inanditsitsa ku Juárez kutada kale. Mphepo, fumbi, misewu yosaidziwa. Ndinapeza chipinda kunyumba ina yogona anthu odikira viza. Kukhitchini ndinapezako Don Eleuterio, amene wakhala akubaya ng'ombe katemera kwa zaka makumi anayi kwawo ku Durango, ndi mkazi wake Doña Chayo. Mwana wawo Maribel ali ku Denver, kutsidya kwa malire, watsala mwezi umodzi kuti achire. Mawa lake awiriwa ankapita kwa dokotala wa za viza. Wopanda katemera, viza palibe.

"Ine sindibayidwa," anatero mdalayo, akupinda dzanja la malaya. "Chipsera ichi achione. Anandibaya ndili kamwana, kusukulu."

"Chipsera chilibe deti," anayankha Doña Chayo, maso ali papepala. "Apa akuti zolembedwa, zokhala ndi tsiku."

"Khadi langa linadyedwa ndi mbuzi."

"Mbuziyo tinadya paukwati wa Maribel. Sitingaibweretse."

"Ndiye akhulupirire mawu anga."

"Musavutike, mdala wanga. Ndabweretsa buku lanu." Anatulutsa m'chikwama buku lakale, lomanga ndi mphira.

"Iwe Chayo, ilo ndi la ng'ombe."

"Inunso mulimo. Tsamba ili." Ananyowetsa chala n'kuwerenga. "'Ng'ombe ya Don Fulgencio yaponya mwendo. Jakisoni walowa pantchafu yanga.' Deti lilipo. Mmodzi ameneyo, atichotsere."

"Ameneyo anali katemera wa ng'ombe zazikazi. Woti zisamapite padera."

"Nanga munapitapo padera?"

Mdalayo anamuyang'ana, kukamwa kuli yasa.

"Ndiye anagwira ntchito," anatero Doña Chayo. "M'munsimu munalembanso kuti, 'Ndakomoka.'"

"Kunatentha tsikulo."

"Madzi anaundana m'ndowa tsikulo. Ndinakuthirani ndine, ndinachita kuswa ndi mwala."

"Tseka bukulo."

Anatseka. Anapisanso m'chikwama. Panatuluka chingwe, chachikopa, chopota bwino.

"Nanga icho?"

"Chanu. Paja mumati yoopa singano timaimangirira kumtengo, kumaso n'kuiphimba ndi thumba. Thumba ndaiwala, koma chipewa chanu chikwana."

"Ndimanena ng'ombe, mayi iwe."

"Ng'ombe sinakomokepo."

Don Eleuterio anamenya tebulo. Khofi anatayikira pa mkate wanga. Sanandione n'komwe.

"Ine sindiopa. Ndabaya nkhunzi zothyola mipanda. Ndikungokana. Singano ndimaidziwa kumene imagwiridwa. Mbali inayo si yanga."

"Zamveka," anatero Doña Chayo, akukulunga chingwe chija modekha. "Ndiye titsata lamulo lanu."

"Lamulo liti?"

"Lija munauza Don Fulgencio akulira pamsika. Yosabayidwa situluka m'khola."

"Zimenezo n'zina."

"Mawa mukwera basi ya ku Durango. Nyemba zili m'chitini chobiriwira. Muziyamba mwaziviika. Ine khadi langa linadzaza kale, ndinkapita kuchipatala inu mukuti ndikutaya nthawi. Mdzukulu ndikamunyamula ndekha."

"Wekha bwanji? Maribel anati akakhala mwamuna dzina ndi langa."

"Dzina liwoloka malire. Dzina silifuna katemera."

"Nanga akadzafunsa za agogo ake?"

"Ndidzamuuza zoona. Alipo, ali bwino, ali kukhola."

Mdalayo anatsitsa dzanja la malaya. Anamanga batani. Anamasulanso. Ine ndinanyamula mkate wanga wonyowa n'kukagona.

M'mamawa, dzuwa lisanatuluke, ndinatsika ndi chikwama changa. Tawuni imeneyi usiku umodzi wandikwana. Pageti ndinapeza Doña Chayo akuimitsa takisi, mapepala ali kukhwapa. Kumbuyo kwake Don Eleuterio, atameta ndevu, chipewa chili kumutu, nkhope ngati wopita kumaliro. Chingwe chili paphewa.

"Kokwerera basi ya ku Durango ndi uko," mkazi wake anamulozera.

Mdalayo anatsitsa chingwe n'kumupatsira m'manja.

"Kumiyendoku ukamange kawiri, Chayo. Ndimaponya mateche."